Deyikeya yomwe ndimasiyako mwana pa Dedza boma: chisamaliro chilipo, vuto ndi geti la 4:30

Anzanga oyembekezera ndi inu amene tchuthi cha uchembere chikukutherani mwakhala mukundifunsa kuti kodi iwe mwana umamusiya kuti ukamapita kuntchito, nde ndati ndingolemba kamodzi ndithane nazo. Dzina la malowo sinditchula chifukwa zina zomwe ndinene pano sizokoma ndipo mayi eni malowo ndimaonana nawo m'mawa uliwonse, komanso Dedza boma ndi yaing'ono, madeyikeya olandira khanda losakwana chaka ndi owerengeka, ofuna muwapeza nokha.

Ine ndimagwira pa kauntala mushopu ya zipangizo za ulimi, feteleza, mbewu, mankhwala opopera mbatata ndi tomato, zoterozo. Sindine wa m'boma, ndipo ndikunena dala. Anzathu a m'boma, aziphunzitsi, manesi, akabereka amapuma miyezi itatu, pomwe ife ogwira kwa anthu wamba lamulo la Employment Act la 2000 limangotipatsa masabata 8 basi, ndiponso kamodzi pa zaka zitatu. Masabata 8 mwana ndi wa miyezi iwiri yosakwana bwinobwino, khosi silinalimbe, katemera wa masabata 10 ndi wa masabata 14 sanabaye, kusikelo akukuuza kuti yamwitsa mwakathithi mpaka miyezi 6 osampatsa ngakhale dontho la madzi, kwinaku foni ya bwana ikulira kuti Lolemba tionane. Mayi anga ali ndi dimba lawo kumudzi sangasiye kuthirira n'kudzakhala pa boma, zotenga kamtsikana kumudzi kudzalera mwana ine nde ayi, kamwana kameneko malo ake ndi kusukulu. Wantchito wamkulu naye si wotchipa, mu February 2024 boma linaika K52,000 ngati malipiro otsikitsitsa a wantchito wa pakhomo, ndipo ndalamayi ndi yapadera pa chakudya ndi pogona pake. Sukulu za mmera mpoyamba za m'madera zija zimatenga ana oyenda kale a zaka zitatu kupita m'tsogolo, ikamakwana 12 koloko aweruka. Nde mukuona kuti kwa mayi wa khanda zosankha zake ndi zochepa.

Malowa ndi nyumba wamba yomwe anangoisintha, ya mpanda wa njerwa, zipinda zitatu ndi khonde lalikulu. Sizokongola ayi. Penti wa zithunzi za njovu ndi ma ABC pakhoma anasuluka kalekale, katungwe wa panja ndi mmodzi ndipo amalira kwiii kwiii, munthu woyang'ana za maonekedwe atha kubwerera pageti. Koma lowani kuchipinda cha makanda muone. Anasankha chipinda choyang'ana kotulukira dzuwa, pansi anayala mphasa kenako kapeti pamwamba, matilesi onse ovekedwa pulasitiki ndi nsalu yoyera, mwana aliyense ali ndi bulangete lake lolembedwa dzina. Amene mumaidziwa Dedza mu June ndi July mukumvetsa chifukwa chake ndikukamba za kapeti, kuno simenti ya pansi imachita kuluma, chifunga chikatsika kuphiri kuja mpaka 9 koloko dzuwa osaoneka. Chomwe chinandigwira mtima ndi choti mbaula salowetsa m'chipinda cha ana ngakhale kuzizire bwanji, imakhala pakhonde yotenthetsera madzi basi, ana amawafunditsa ndi zipewa ndi masokosi. Mayi eni malowo ndi mphunzitsi wopuma ntchito, anandiuza okha kuti makala m'chipinda chotseka amapha mwakachetechete, sasewera nazo. Apa ndiwayamikire.

Za mkaka ndi zomwe zinandikhazika mtima pansi kwenikweni. Ndimafinya m'mawa ndisananyamuke, ndimaika mutimabotolo totsekera bwino, pageti anti amalandira n'kumata kapepala kolemba dzina la mwana ndi nthawi yomwe ndafinya, kenako mufiliji. Magetsi akathima, zomwe sizachilendo, ali ndi kula bokosi ndi mabotolo a madzi oundana omwe amasungira dala. Pomwetsa sagwiritsa ntchito botolo la nsonga lija, amatenthetsa mkaka poviika kabotolo m'madzi ofunda, n'kuthira mukakapu kakang'ono, mwana amamukhazika chotsamira pamkono, kakapu kangokhudza mlomo wam'munsi, iye azingopsontha yekha pang'onopang'ono, osamutsanulira. Ndinaima pazenera tsiku lina ndikuonerera anti wina akuchita zimenezi, mwina mphindi 20 zathunthu pa kamkaka kochepa, kwinaku phazi lake likugwedeza kampando komwe munali mwana wina. Kuleza mtima kumeneko ineyo mayi wake nthawi zina ndilibe.

Pali kakope kamene mwana aliyense ali nako, ka masamba 40 kapasitolo kaja, anti amalembamo zonse. Mumapeza alemba kuti 9:10 wamwa zonse, 10:30 wagona, 12:15 wachita chimbudzi chofewa, 1:40 wamwa theka wakana. Zimaoneka zazing'ono koma ukapita kuchipatala adokotala n'kufunsa kuti kutsegula m'mimbaku kwayamba liti, iwe amene tsiku lonse unali pa kauntala umangotsegula kakope. Matewera a nsalu amalandira osanyinyirika, amatsukuluza n'kukuikira mujumbo, sakakamiza madayapa ngati kwina. Pakhomo la chimbudzi pali ndowa ya kampopi ndi sopo, ndipo sopoyo amakhalapodi, si wongoika alendo akabwera.

Chakudya cha ana oyamba kudya ndi chapakatikati. M'mawa phala la Likuni Phala kapena la mgaiwa lothira nsinjiro, masana kansima kofewa ndi nyemba zosefa ndi masamba, masiku ena mbatata ya kachewere yophwanya, kuno nde mbatata siyosowa, dzira mwa apo ndi apo, nthochi, nyengo ya mapichesi amawapatsanso. Shuga muphala amachulutsa, ndinanenapo, anachepetsa sabata imodzi kenako anabwerera. Komanso amalekerera makolo ena kumalongedzera ana majigisi ndi mafilizesi, nde wako akaona amakana phala. Izi atakhwimitsa zingathe mawa lomwe.

Fizi pano ndi K40,000 pamwezi tsiku lonse, K25,000 ngati umamutenga masana, chakudya chili momwemo koma sopo wochapira, mafuta odzola ndi matewera ndi zako. Risiti uchite kukumbutsa.

Tsopano tifike pomwe mtima wanga umawawa. Amatsegula 7 koloko, amatseka 4:30, Lolemba mpaka Lachisanu. Loweruka kulibe. Ukachedwa ndi K1,000 pa theka la ola lililonse. Abale, ndi mayi uti wapantchito amene 4:30 amakhala ataima kale pageti? Ngakhale a m'maofesi a boma amaweruka 4:30 yomweyo, nanga auluke? Ife a m'mashopu timatseka 5 koloko, kenako kuwerenga ndalama, kubalansa ndi buku, ikasowa K500 mukhala pomwepo mpaka ipezeke. Nyengo ya feteleza, kuyambira October mpaka December, alimi ochokera ku Bembeke, ku Chimbiya, ku Linthipe amakhala ali pamzere mpaka mdima, sungamuuze munthu amene wabwereka ngolo kuti bwerani mawa ndikukatenga mwana. Ndipo Loweruka ndi tsiku lomwe shopu imadzaza kuposa masiku onse. Nanga nesi wa shifiti ya usiku, nanga wapolisi, nanga ogwira kuboda ya Mozambique kuja, nanga amayi a ma Airtel Money ndi Mpamba amene makasitomala awo amabwera anthu akaweruka, nanga amayi opikula kabichi ndi tomato ku Lizulu amene amanyamuka kusanache? Onsewa ali ndi ana. Nthawi ya deyikeya iyi anaikonzera mayi amene ntchito yake imatha molawirira ndipo Loweruka amachapa kunyumba, mayi ameneyo ine pa boma pano sindikumudziwa, mwina mphunzitsi wa pulayimale, iyenso ali ndi makope okachonga.

Nde chimachitika n'choti ikamakwana 4:15 ndimayamba kuyang'ana wotchi, ndimapempha mnzanga agwirizire kauntala, ndimatuluka kuthamanga ngati ndaba nkhuku, kabaza, kumutenga mwana, kubwerera naye kushopu, kumubereka kumbuyo n'kumalizitsa ntchito pakati pa matumba a feteleza ndi fungo la mankhwala a mbewu, malo oti khanda sakuyenera kukhalapo n'komwe. Bwana amangoyang'ana. Tsiku lina anachita kunena pamaso pa makasitomala kuti nde chifukwa chake ine sindikonda kulemba azimayi. Ndinameza malovu. Mawu amenewa amadziwa yekha kuti pamalamulo sangaime nawo, Employment Act yomweyo imaletsa kusala munthu pantchito chifukwa choti ndi mkazi, ndi wapabanja kapena ali ndi udindo wosamala banja, ndipo kuchotsa mayi ntchito chifukwa cha mimba ndi mlandu. Koma masiku ano sakuchotsa ntchito poyera ayi, amangosiya kukutuma kokaoda katundu ku Lilongwe komwe kumakhala ka alawansi, mwayi woyang'anira shopu ina ukatuluka amapatsa mnyamata amene unamuphunzitsa ndiwe kulemba invoisi, ukafunsa akuti timaganiza kuti muli ndi mwana wamng'ono simungakwanitse. Ukadandaule chani ku ofesi ya leba pamenepo, pepala lake liti? Mng'ono wanga pa intavyu ina anafunsidwa kuti mwangokwatiwa kumene eti, nde mwana mukuganiza liti. Ntchito sanaipeze. Mwamuna wake palibe anamufunsapo funso limenelo chiyambire.

Za kuyamwitsa masana ndinenepo chifukwa ambiri sadziwa. Mu 2021 lamulo la ntchito analikonzanso, mayi woyamwitsa ali ndi ufulu wa theka la ola kawiri patsiku pa nthawi ya ntchito, kwa miyezi 6 chibadwire mwana. Deyikeya iyi pamenepa inachita bwino, ali ndi kakona kotchinga ndi katani, mpando wotsamira ndi pilo, ukafika anti amakhala atamusintha kale thewera kuti usataye nthawi, nthawi zina amakupatsa ndi kapu ya thobwa. Kungoti theka la ola limathera panjira, kupita ndi kubwera. Ine ndinachita kupempha kuti awiriwo aphatikizidwe ndi nthawi ya nkhomaliro, bwana anavomera mokoka nkhope nditamuonetsa lamulolo pafoni, koma anzanga aamuna mpaka lero amati madamu apita ku holide. Holide yake yodya chimanga chootcha uli pa kabaza.

Mu kusintha komweko kwa 2021 munalowanso tchuthi cha abambo, masabata awiri mkazi akabereka, kamodzi pa zaka zitatu. Ndikutchula izi chifukwa pali kachizolowezi pa deyikeya iyi komwe kamandinyansa. Pafomu yolembetsa pali nambala yanga ndi ya bambo a mwana, ndipo ndinanena momveka kuti iwo ntchito yawo ndi yoyendayenda pa boma pompano, ali ndi njinga yamoto, vuto likakhalapo yambani ndi iwo. Koma mwana akangotentha thupi foni imalira ndi yanga. Thewera latha, yanga. Fizi yachedwa, yanga. Pagulu la WhatsApp la makolo anaikapo amayi okhaokha, dzina lake lomwe ndi la amayi. Tsiku lomwe bambo ake anapita kukamutenga, ma anti anachita kutuluka onse kudzaona, ati koma bambo awa nde abwino, mpaka mawa lake kundiuza kuti mayi muli ndi mwayi. Ine amene ndimabwera tsiku ndi tsiku thukuta lili kamukamu palibe anandiuzapo kuti ndine wabwino kkkk. Ndimaseka koma zimawawa, chifukwa foni iliyonse yotere ndi ine wopita kwa bwana kukapempha.

Lamulo lawo loti mwana wodwala asabwere ndi labwino, sindikutsutsa, m'chipinda cha makanda chimfine cha mmodzi ndi cha onse. Koma dziwani kuti tchuthi chodwala cha pamalamulo ndi cha iwe mwini ukadwala ndipo pakhale kalata ya kuchipatala, cha mwana kudwala kulibe. Nde masiku amenewa amadulidwa ku tchuthi chako cha pachaka, kwa ife ogwira masiku 6 pasabata ndi masiku 18. Ikani masiku a sikelo mwezi ndi mwezi, ikani malungo, ikani chifuwa cha nyengo yozizira, pofika September tchuthi chatha usanapumeko ndi tsiku limodzi lomwe, maliro akagwa kumudzi uyambenso kugwada.

China chomwe sichinandisangalatse, mwana anabwera ndi chizindikiro cha mano pamkono, mnzake anamuluma, ndipo mukakope munalibe chilichonse. Ndinachiona ndekha pomusambitsa. Ana amalumana, sinkhani, koma kubisa ndi komwe kumachotsa chikhulupiriro. Nditafunsa m'mawa mwake anti anayamba kunjenjemera, kenako ndinamva kuti zoterezi zikachitika amawadula malipiro, nde amangokhala chete kupemphera kuti mayi asaone.

Pamenepo mpomwe ndinayamba kuwayang'anitsitsa ma anti amenewa. Alipo anayi, mmodzi yekha ndi amene anaphunzirako za kaleredwe ka ana, ndipo chibwerere ine nkhope zasinthapo kangapo, zomwe kwa khanda ndi vuto chifukwa akangozolowera manja a munthu mawa kwabwera wina. Zomwe amalandira sindinaone pepala lake, koma mmodzi anandinong'oneza ndipo sizifika pa K90,000 yomwe boma linaika mu 2024 ngati malipiro otsikitsitsa a antchito ambiri. Ameneyu ali ndi mwana wake wa chaka chimodzi, saloledwa kubwera naye pokhapokha alipire theka la fizi, nde amamusiya ndi mphwake wa Sitandade 6 amene amaweruka masana, m'mawa monse amakhala kwa aneba. Tsiku lonse akumwetsa wanga ndi kakapu modekha muja, wake ali kwa aneba. Amakhala kutali kumtunda, amayenda wapansi, mu June 5:30 kwayamba kale kuda, akafika atunge madzi, aphike. Nde 4:30 ija ndikaikwiyira ndimakumbukiranso kuti ndi yomwe imamufikitsa iyeyu kunyumba kukuwala. Ineyo ndikachedwa ndi iye amene amatsala pakhonde ndi mwana wanga, ndipo K1,000 ya chilango ija simugwera m'manja mwake, imalowa mubuku la ofesi. Ichi nde chinandipweteka kuposa kulipira kumene.

Ndinakhala nawo pansi mayi eni malowo, ndinati mayi, bwanji ma anti azisinthana, awiri azibwera 6:30 n'kuweruka molawirira, awiri azibwera 9 koloko n'kutseka 6 koloko, ife ochedwafe tiziwonjezera kenakake pamwezi kodziwika kopita kwa anti wotsalayo, m'malo mwa chilango. Anandimvetsera bwinobwino, si mayi wamwano. Anati mwana wanga, ndinayesapo, makolo amalonjeza pamsonkhano koma pofika pa 15 theka sanalipire ndi fizi yomwe, ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 sopo, shuga, makala, lendi, zonse zinakwera, ndikakweza fizi ana amachoka, ndikapanda kukweza ma anti amachoka. Ndinawamvetsa mbali ina. Koma mbali ina ayi, chifukwa ndalama ya chilango amatolera ndithu mosaphonya, nde nkhani si yoti makolo sangalipire nthawi yowonjezera, tikulipira kale, kungoti ikupita kolakwika ndipo tikulipira ndi mtima uli m'mwamba.

Mukandifunsa kuti ndipereke mamakisi, pa kusamala mwana ndipereka 8 pa 10, makamaka makanda oyamwa, ukhondo 8, chakudya 6, pa nthawi yotsegula ndi kutseka 3 ndipo ndawakomera mtima. Ngati ndinu mphunzitsi, kapena muli ndi wina kunyumba woti 4 koloko atha kukamutenga mwana, pitani musachedwe, malo a makanda ndi ochepa ndipo amadzaza, kalembetseni mimba ili miyezi 7. Ngati mumagwira mashifiti, mushopu, mumsika kapena Loweruka, musalipire musanapeze munthu wachiwiri wodalirika, ndipo mukamudziwitse kwa ma anti maso ndi maso chifukwa sapereka mwana kwa munthu amene sali pafomu, chomwenso ndi chabwino. Funsani kuti anti wa chipinda cha makanda wakhalapo nthawi yaitali bwanji, pemphani kuona mufiliji, ndipo pitani nthawi ya 11 koloko mosawauza, osati m'mawa pomwe zonse zili zokolopa.

Za Loweruka ife tinangopanga zathu, tilipo amayi ochepa a m'mashopu tinagwirizana ndi anti uja wa mwana wa chaka chimodzi, amabwera kunyumba kwa mmodzi wa ife ndi mwana wake yemwe, timasonkha timamulipira m'manja tsiku lomwelo ndi ya kabaza yobwererera. Mayi eni malowo akudziwa, anangoti bola Lolemba asabwere atatopa. Tamva kuti mu January fizi ikwera kufika K50,000 ndipo eni malowo aitanitsa msonkhano wa makolo kumapeto kwa teremu ino. Tauzana kale kuti tikavomera kukwezako pokhapokha geti lizitsekedwa 5:30 ndipo ndalama ya ola lowonjezeralo izilembedwa padera dzina la anti wotsalayo. Msonkhanowo auika Lachitatu 2 koloko masana, nde tayamba ndi kupempha kuti ausunthire Lamulungu tikaweruka kutchalitchi, azibambo abwerenso.